Kuchoka kwa Kasakula M'mimba Mulibe Kanthu

Tinanyamuka kwa Kasakula kunja kutangoyera, nkhungu ya mwezi wa Juni itadzaza m'zigwa monse. Tinali awiri, ine ndi achemwali anga a Esinati. Ntchito yanga pa ulendowu inali imodzi basi: kuwafikitsa ku Lilongwe m'mimba mulibe kanthu. Sekani ngati mukufuna. Nanenso poyamba ndinkaiona ngati kantchito ka mwana.

Achemwaliwa ndi amene anandilera. Bambo atamwalira ine ndinalekezera sukulu Sitandade 7, ndipo amene ankandithamangitsa ndi chikuni kuti ndibwerere m'kalasi, kenaka n'kundigulira khasu ataona kuti alephera, ndi iwowa. Chaka chatha anayamba kuonda, m'mimba mukupota, kuchimbudzi kukutuluka magazi. Tinazungulira nawo. Panado, mankhwala a njoka za m'mimba, mapemphero a kuphiri, zonse. Mpaka pa chipatala china mumzinda wa Lilongwe anawalowetsa m'makina ojambula m'thupi aja, n'kupeza chotupa m'matumbo. Anati ndi khansa. Anati awachita opaleshoni, koma asanang'ambe ayenera kulowetsa kakamera chakumunsiku kuti aone pamene chotupacho chayambira ndi pamene chalekezera.

Namwino wina wamfupi anandigwira paphewa tsiku lomwelo n'kundiuza ngati akuuza mwana wa mkaka. "Achimwene, tsiku loti mawa aunikidwa asadye chilichonse chotafuna. Madzi, tiyi wopanda mkaka, basi. Madzulo ake amwe mankhwala otsuka m'mimba awa. Akadya, kamera siona kanthu, ndipo malo awo alowapo ena. Anthu ndi ambiri pamzerewu." Ine ndinamva. Sukulu ndilibe, koma makutu ndili nawo.

Tisanakwere ndinaima pa shopu ya Che Saidi, amene amatsegula akangochoka ku mzikiti, kuti atithirire tiyi m'fulasiki.

"Wopanda mkaka? Yohane, wasauka chonchi?"

"Ndi wa odwala, Che Saidi."

"Odwala ndiye ofunika mkakawo. Tenga mandasi awa, sindikulipiritsa."

Ndinawafotokozera za kamera ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubweza mandasiwo m'ndowa pang'onopang'ono ngati ndawatukwanira makolo. "Zipatala za masiku ano," anatero, "munthu akudwala, iwo akumupatsa Ramadani."

Wa kabaza wa njinga yamoto anatchula K18,000 mpaka pa boma pa Dowa. Ndinamufunsa ngati akutigulitsa njingayo. Anati mafuta akugula a m'zigubu. Tinakokana mpaka K14,000, ndipo tinakwera atatu, achemwali pakati, ine kumbuyo ndi chikwama pamsana.

Njira yochoka kwa Kasakula kulowera ku Dowa si msewu, ndi chilango. Mvula inakumba ngalande pakati penipeni, ndiye njinga imayenda m'mphepete ngati mbuzi. Kumanzere phompho, kumanja zigafa za fodya zopanda kanthu ndi minda yokololedwa kale. Malo okongola, sindikana. Mapiri aja nkhungu ikamachoka amaoneka ngati akutuluka m'madzi. Koma ine sindinkaona zimenezo. Njinga ikagunda mwala ndinkamva thupi la achemwali likuuma ngati thabwa. Ankangoluma nsonga ya chitenje.

"Amayiwa ndi oyembekezera?" anakuwa wa kabaza, ataona mimba yotupa.

"Uziyang'ana kutsogolo, aise," ndinamuyankha. Achemwali ananditsina pantchafu.

Pa chitunda china njinga inakana ndithu, tinatsika. Ndinawabereka mpaka pamwamba. Munthu amene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kudimba analemera ngati mtolo wa mapesi. Pamwambapo mayi wina amene ankasenda chinangwa pakhonde atationa anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi phava la nthochi. Ndinakana. Anandiyang'ana ngati ndine wozunza odwala. Kwathu kuno munthu akaona wodwala, dzanja limathamangira ku chakudya lisanafunse kuti chavuta n'chiyani. Ndi chifundo, eya. Koma tsiku limenelo chifundo chilichonse chinali mdani wanga.

Tinafika pa Dowa cha m'ma teni, fumbi lili m'mano. Fungo la tchipisi pa chiwaya linatilandira tisanatsike n'komwe. Nanenso ndinali ndisanadye, chifukwa sindikanatha kutafuna iwo akundiyang'ana. Ndinawakhazika pamthunzi, n'kuwathirira tiyi, ndipo ndinayamba kufunsa galimoto zodzera ku Dzaleka kukatulukira ku Lumbadzi. Imeneyo ndiye njira yowongoka.

"Yohane," anandiitana. "Tidzere ku Chezi."

"Kukatani?"

"Ndikaone ana."

Amuna awo, alamu anga a Layisoni, ali ku Joni. Achemwali anakwatiwa chitengwa, ankakhala kwa apongozi awo ku Chezi. Matenda atakula tinawatenga kuti tikawasamalire kwathu, koma ana awiri, Tadala ndi Mphatso, anatsala kwa agogo awo chifukwa cha sukulu.

"Tidzadzera pobwerera," ndinatero.

"Pobwerera pake pati? Ukudziwa iwe kuti akandiunika andibweza kapena andigoneka konko mpaka opaleshoni? Pa bedi lija sindikudziwa ngati ndidzatsikapo ndi miyendo yangayi."

Ndinalalata. Ndinanena za nthawi, za mankhwala a madzulo, za ndalama. Iwo ankangopukuta kapu ya fulasiki ndi chitenje. Munthu amene anakusambitsa sungamupambane. Tinakwera kasiyenta ka ku Chezi, K3,000 aliyense, anthu asanu ndi anayi m'kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri. Pafupi ndi achemwali panakhala mayi wina wothawa kwawo wa ku kampu ya Dzaleka ali ndi ndowa ya chapati yokagulitsa ku msewu wa Salima. Tisanapite patali anaitsegula.

"Mlongo, idya. Maso yako ya njala."

"Sadya," ndinatero.

"Iwe ndiwe mwamuna wake?"

"Mchimwene wawo."

"Bwino. Mwamuna ngati iwe ine nathawa."

Galimoto yonse inaseka, ndi achemwali omwe. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire mwezi umenewo, ndiye ndinangozisiya.

Tinatsika pa Chezi dzuwa lili pamutu. Pamsewu paja pamakhala milu ya tomato, kabichi ndi anyezi, azimayi akuthamangira galimoto iliyonse. Tinalowa kanjira ka m'munda, achemwali akupuma pamtengo uliwonse. Tadala anatiwonera patali n'kuthamanga akulira. Koma Mphatso, wamng'onoyo, anabisala kumbuyo kwa agogo ake. Amayi ake sanawazindikire. Achemwali anangomwetulira.

Apongozi awo, a Nachisale, anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Moni anali wautali, woomba m'manja. Azimayi a nyumba zoyandikana anayamba kubwera mmodzimmodzi n'kukhala m'mphepete, ambiri kuposa mmene amabwerera kudzaona wodwala. Kenaka ndinamva nkhuku ikulira kuseri kwa nyumba. Ndinaimirira.

"Amayi, musavutike. Sitidya."

Azimayi aja anayang'anana.

"Mwati simudya?" anafunsa a Nachisale, osandiyang'ana.

"Achemwali sakuyenera kudya lero. Adokotala aletsa."

"Adokotala ake ati? Aja a kwanu aja, oombeza ndi kalilole?"

Apa ndiye ndinazindikira dzenje limene tinalowamo. Miyezi ya m'mbuyomo amayi athu aang'ono anapita kwa sing'anga osatiuza, ndipo anabwerako ndi nkhani yoti achemwali anadyetsedwa kanthu kuchitengwa. Ife tinawaletsa kuti asamayankhule zopusa. Koma pakamwa pawo m'pa msika. Nkhani inakwera njinga ndi ogula nyemba, inatsika mapiri onse aja, n'kutipitirira kudzafika ku Chezi. Ine sindinkadziwa kuti inafika. Achemwali ankadziwa.

Ndinatulutsa paketi ya mankhwala otsuka m'mimba, ndinafotokoza za kamera, za mzere, za opaleshoni. Palibe anayang'ana paketiyo.

"Ife tinagonapo m'chipatala," anatero mayi wina wa mpango wofiira. "Phala amapereka m'mawa uliwonse. Chipatala choletsa wodwala kudya n'chiti?"

"Ndiye kamerayo amailowetsa kuti?" anafunsa wina, ndipo anzake anabisa nkhope m'zitenje.

Chakudya chinabwera. Mgaiwa, nkhuku, mkhwani wotendera. A Nachisale anasamba m'manja pamaso pa anthu onse. Anatema mbamu, anaviika m'mbale ya nkhuku, anadya. Anatemanso, anatapa mkhwani, anadya. Kenaka anakoka Mphatso n'kumudyetsa kuchokera m'mbale zomwezo. Atatha anakankhira mbalezo kwa achemwali.

"Ndalawa. Mdzukulu wanga walawa. Ngati muli kanthu, tiyamba kufa ndife. Mwana wanga ali kutali, ana awa ndikulera ndekha ndi msana wothokawu, ndiye dzina langa lizitchulidwa m'misika kuti ndine mfiti? Amake Tadala, ine sindikukakamizani. Ngati nanunso mukukhulupirira zimenezo, musadye. Ndimva."

Magazi anandithamangira kumutu. Ine ndikapsa mtima makutu amalira. "Nkhuku yanuyo dyani nokha!" ndinakuwa. "Tachoka kutali, ndawabereka pamsana munthuyu, ndiye muwononge zonse chifukwa cha miseche ya azimayi? Mukudziwa kuti khansa n'chiyani inu?" Ndinagwira mbale ya mgaiwa kuti ndiiponye kutchire.

Achemwali anandigwira pamkono. Mphamvu analibe, zala zinali ngati timitengo, koma ndinasiya.

"Khala pansi, Yohane." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Tadala, ndithirire madzi."

Anasamba. Anadya. Sanangolawa ayi. Anadya ngati munthu amene wafika kwawo, pang'onopang'ono, akuyamikira kuti nsinjiro zakwana bwino, mpaka anapempha kuti awaonjezere mkhwani. Mbamu iliyonse ndinkaiona ikutsika pakhosi lowondalo ngati ikutsikira m'mimba mwanga. A Nachisale anayamba kulira mwakachetechete, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Azimayi aja anayamba kucheza za mitengo ya feteleza. Mphatso anasendera n'kukhala pamwendo pa amayi ake.

Ine ndinanyamuka osatsanzika. Ndinamenya chigubu ndi phazi, osadziwa kuti n'chodzaza madzi, ndipo ndinatsimphina mpaka kumsewu. Ndinakaima pakati pa milu ya tomato ngati wamisala. Mtsikana wina anandifunsa ngati ndigula. Ndimupepese ngati angamve nkhaniyi, chifukwa zimene ndinamuyankha sizinali zake.

Achemwali anandipeza cha m'ma thuu, Tadala atawagwira dzanja, apongozi akubwera m'mbuyo ndi kathumba ka mtedza. Minibasi yochokera ku Salima inaima, ikununkha usipa. Kondakitala anati K5,000 aliyense, ndipo ndinalipira osatsutsa. Mphamvu zokangana zinali zitatha. Tinakhala mpando wakumbuyo. Tinadutsa midzi ingapo osayankhulana.

"Yankhula, usaphulike," anatero achemwali.

"Mwadziwa chimene mwachita?"

"Ndadziwa."

"Ndiye tikupita kukatani kutauniko? Kukaona nyumba zosanja?"

"Iwe ulibe mwana, Yohane. Opaleshoni ija ikandikana, Tadala ndi Mphatso azidya m'mbale za ndani?"

"Ine ndine malume awo. Ndiwatenga."

Anaseka, kuseka kopweteka, atagwira pamimba. "Uwatengere kuti? M'gowelo mwako muja? Amayi athu akalamba. Iwe umakangana ndi mbuzi yomwe. Ana aja atsala m'nyumba muja, ufune usafune. Ndikanakana mbale ija, agogo awo akanamawapakulira tsiku lililonse akukumbukira kuti mayi wa ana awa anawatcha mfiti anthu akuona. Mwana amamva kukoma kwa chakudya chopatsidwa ndi mtima wotero."

"Ndiye bola mufe?"

"Sindikufuna kufa ine. Koma zikavuta, ndife ana ali ndi agogo awo."

Ndinayang'ana pawindo. Tinali tikuyandikira Kanengo, mathiraki a fodya atandandalika m'mbali mwa msewu, madalaivala akuphika pansi pa matayala. Ndinafuna munthu woti ndimumenye. Amayi aang'ono anali kutali. Sing'anga uja sindimudziwa nkhope. Gogo uja analira misozi yeniyeni. Alamu anga amatumiza mauthenga a mapemphero pa foni. Panalibe woti ndimumenye.

Tinafikira kwa msuweni wathu ku Area 25, nyumba ya chipinda chimodzi, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. Achemwali anamwa mankhwala aja onse, akuchita tsinya, chifukwa amati amakoma ngati madzi a mchere osakaniza ndi sopo. Madzulo onse anali a ulendo wa kuchimbudzi, ine nditaima pakhomo kupepesa anthu a pamzere. Mumtima ndinkati mwina atsuka zonse. Mwina mgaiwa uja utuluka. Ndinapemphera, ine amene kutchalitchi ndimapita pa maliro pokha.

M'mawa tinakwera minibasi ina mpaka kuchipatala. Pabenchi panali anthu ena a nkhope zotuwa, onse a njala ngati ife. Bambo wina wa ku Mchinji anandiuza kuti mkazi wake anachita kumubisira mbatata pamwamba pa denga. Namwino wamfupi uja anatulukira ndi mafaelo.

"Amayi, dzulo munadya?"

"Pang'ono," anayankha achemwali.

Namwinoyo sanawayang'ane iwo. Anayang'ana ine. Bola akanandiwaza mbama.

Anawalowetsabe. Ndinakhala panja ndikuyang'ana chitseko mpaka maso kuwawa. Atatuluka adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anandiitanira pambali.

"Pamene pali chotupa njira ndi yopapatiza, ndiye zakudya sizidutsa msanga. Ndayesa, koma sindinaone kanthu. Sindingang'ambe munthu ndisanaone chimene ndikukachotsa."

"Ndiye mawa?"

"Mawa kuli ena, achimwene. Malo alipo kumapeto kwa mwezi wamawa. Opaleshoni ibwera pambuyo pake."

"Nanga chotupacho chikhala chikudikira?"

Anavula magalasi n'kupukuta. "Sindikunamizani. Chimakula." Anati ulendo winawo tidzabwere msanga, adzawagoneka m'wodi kuti adzawayang'anire okha. Sanakalipe. Ine ndinkafuna akalipe kuti nanenso ndikalipe.

Achemwali anawatulutsa ali ndi chizungulire cha mankhwala ogonetsa. Ndinawakhazika pabenchi ya panja, mutu wawo uli paphewa langa. Foni yanga inalira. Nambala ya ku Chezi.

"Ndi apongozi anu," ndinatero. Zala zinkandiyabwa. Mawu onse anali okonzeka pakamwa, ndinali nditawasanja usiku wonse.

Anatsegula maso pang'ono. "Uwauze kuti magetsi anazima."

"Achemwali!"

"Chonde, Yohane. Magetsi."

Ndinayankha foni. Mawu a a Nachisale anali a nkhawa, akufunsa ngati tinayenda bwino, ngati amake Tadala aunikidwa, ngati apeza chiyani. Kumbuyo kwawo ndinkamva Mphatso akufunsa ngati ndi amayi. Ndinatseka maso.

"Sizinatheke, amayi. Magetsi anazima. Atiuza kuti tidzabwerenso mwezi wamawa."

"Mayo ine! Dziko lino ndiye latha. Munthu kuvutika ulendo wonsewo!" Anapuma, kenaka mawu awo anafewa. "Achimwene, za dzulo zija tisasungirane. Mukamadzapitanso mudzadzere kuno. Tambala wamkulu uja ndamusungira amake Tadala."

"Zikomo, amayi," ndinatero. "Zikomo kwambiri."

Ine Yohane, amene kwa Kasakula amandidziwa kuti sindimeza mawu, ndinathokoza mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Chimene ndinatenga pa ulendowu n'chimenecho. Ndinkaganiza kuti kudwazika munthu ndi kumunyamula, kumulipirira galimoto ndi kumulondera pakamwa. Sindinkadziwa kuti tsiku lina adzasankha chinthu chimene chingamuphe, ali ndi nzeru zake zonse, ndipo iwe udzayenera kunama m'malo mwake kuti chisankhocho chisapite pachabe. Sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka lero sindigwirizana nawo. Ndinaika foni m'thumba, ndinawakweza pamsana chifukwa miyendo yawo inali isanabwerere mwakale, ndipo tinayamba kutsetsereka kulowera kudepoti.